Vinyo wa Munda Wozulidwa

Lachiwiri, 11 Julayi

Merv pakhomo la kukhitchini, chipewa kumanja. Merv savula chipewa, ngakhale m'tchalitchi amachita kukumbutsidwa. Dzanja linalo sizasi yodulira mipesa, ya zogwirira zofiira, ya amuna anga a Clarrie. Ndinaona sizasiyo ndisanaone nkhope yake. "Alamu, khalani pansi kaye." Sindinakhale. Ndinati akulu ako ali kuti. Anati, "Ali kumunda. Agona pakati pa mizere ya mipesa. Ndawafunditsa jekete."

Ndinali ndi buku m'manja, chala chili pa tsamba. Mpaka ambulansi kubwera, mpaka kupita, chala chili pomwepo. Ndalibwezera pashelefu osayang'ana pamene ndinalekeza.

Mtima, watero dokotala. Sanavutike, watero. Onse amatero.

Supu wa anthu awiri. Ndapatsa nkhuku.

Bronwyn akwera ndege mawa kuchokera ku Melbourne. Pafoni mwana wanga amangoti "Amayi, amayi," ngati wa zaka zisanu.

Kuzizira koopsa. Mizere ya kumtunda anali atadulira theka.

Lachisanu, 14 Julayi

Makeke. Aliyense m'chigwa muno akubwera ndi keke, ngati imfa ndi njala. Patebulo, pazenera, pamwamba pa firiji. Masoseji oumika pautsi, nkhaka zamchere m'mabotolo. Amayi a kutchalitchi ndi anthu abwino. Amabwera, amatsuka mbale, amapita. Safuna kuti ndiyankhule.

Amuna a Lachinayi atumiza maluwa. Nkhata yaikulu ngati tayala la thirakitala, riboni yake ya mtundu wa vinyo. Sanalephere.

Amuna khumi ndi awiri, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, chipinda chapamwamba ku hotela ya ku Tanunda. Aliyense amabweretsa botolo lobisa m'sokosi. Kununkhiza, kuchukucha m'kamwa, kulavula m'ndowa, kulemba malikisi. Madokotala, maloya, ogulitsa malo. Mlimi mmodzi yekha, amuna anga. Ankabwerako mano ali bii, osaledzera n'komwe. Ndinkawafunsa, anthu akuluakulu kuvala taye kuti mukalavule? Ankaseka. "Iwe Lorna, ukameza woyamba sumva wachiwiri."

Bronwyn wagona m'chipinda chake chakale. Wafunsa ngati ndikudya. Ndamuonetsa makeke.

Lachiwiri, 18 Julayi

Taika. Mvula yowaza, dothi lofiira kumamatira nsapato. Abusa mwachidule, Mulungu awadalitse. Bronwyn anawerenga bwino mpaka pakati.

Kenaka tiyi muholo. Amuna a Lachinayi pakona, mataye ofanana, katsango ka mphesa pakati. Wapampando wawo Neville Treloar, dokotala wa mano wopuma ntchito. Ndamuona ndi maso angawa akuzunguza tiyi m'kapu n'kulowetsamo mphuno. Tiyi wa m'chiketulo cha tchalitchi! Merv anandinong'oneza, "Taonani alamu, akufuna adziwe chaka chake." Ndinaseka. Pamaliro a amuna anga. Mayi wina anandiyang'ana.

Kenaka Desmond Farquhar. Amene ankaweruza vinyo pa zionetsero dziko lonse lino, ndipo salola kuti munthu aiwale. Amayenda mphuno patsogolo, iye pambuyo ngati akuiperekeza. Iye ankawatchula a Clarrie kuti "mlimi wathu", ngati galu wa gulu. Anandigwira ndi manja awiri, ozizira. "Alamu, pali mwambo wathu. Sindikufuna kukuvutitsani lero." N'kundivutitsa lero lomwelo.

Mwambo wake: mmodzi wa iwo akamwalira, mkazi wake amatumiza botolo labwino koposa la malemuyo. Lachinayi lotsatira amalitsegula, amalavula, aliyense n'kulemba malikisi ake pabotolo, n'kulibweza lopanda kanthu kwa mayiyo. Mayiyo sapitako. Ndinati ndiye wamasiye amapezapo chiyani. Anati, "Ulemu."

Ndikulidziwa botolo akulifunalo.

Lachinayi, 20 Julayi

Ndatsikira kuchipinda chapansi. Zaka sindinatsikeko. Mawondo, komanso kunali kwawo. Fungo la dothi lonyowa ndi la jekete lawo. Ndinakhala pa sitepe kaye.

Kumapeto, pansi penipeni, mabotolo awiri ogona. Opanda pepala. Nambala ya penti yoyera basi, 86, chaka chake, dzanja lawo, 6 wopendekera ngati waledzera.

Ndilembe, poti Bronwyn anali wamng'ono ndipo Merv amasintha nkhani chaka chilichonse. Munda wakale, kuseri kwa mabulugama. Mipesa yake anabzala agogo a agogo awo atangotsika m'sitima ya pamadzi. Yopindika, yokhuthala ngati ntchafu ya munthu, yobereka pang'ono. Zaka zimenezo mphesa zakuda panalibe wozifuna, zinkaolera pamtengo. Boma linkalipira alimi kuti azule. A Clarrie anazula. Anakoka okha ndi tcheni, Merv osamulola kugwira, zitsa n'kuziwotcha. Utsi sabata yonse. Sankadya. Koma chaka chomaliza, asanazule, anafinya okha mphesa za mundawo mushedi, mgolo umodzi. Ndiye vinyoyu. Sipanapite nthawi, dziko lonse linayamba kulirira mipesa yakale, olemera kuiyendera ngati manda a mafumu. Pamalopo pano pamadya nkhosa za Merv.

Mabotolo ambiri anagawa, ena anamwa ndi anzawo kalekale, ine ndili kuntchito ku laibulale. Ndinalawako kamodzi ali wamng'ono, waukali, ndinakwinya nkhope. Anati dikira. Awiri omalizawa anali athu. Ukwati wa Bronwyn: vinyo sanafike, anatero. Nditapuma ntchito: sanafike. Chaka chatha, zaka makumi asanu tili m'banja, ndinachita kutsuka matambula. Anatsika, anakhalitsa, n'kubwera chimanjamanja. "Sanafike, iwe Lorna. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono ija sanaione maso.

Ndakwiya lero. Ndi iwo. Sindinkadziwa kuti wakufa amakwiyiridwa chonchi.

Loweruka, 22 Julayi

Desmond, wosaitanidwa. Galimoto waimika patali, kuopa matope. Wapempha kuona mabotolo. Ndamulola kuti ndione zomwe achite.

Tochi kuseri kwa khosi la botolo, diso limodzi lotsinzina, ngati mayi woyesa dzira ngati muli mwanapiye. Loyamba: "Ili vinyo watsika mpaka m'mapewa." Kupukusa mutu. Lachiwiri: "Ili lili bwinoko." Amakamba za mabotolo ngati odwala m'chipatala. Khosi, mapewa. Vinyo naye ali ndi miyendo, thupi, msana. Ndawerenga moyo wanga wonse, zachabe ndi zabwino zomwe, sindinapeze anthu owononga mawu ngati awa. Vinyo wonunkhira chikopa cha chishalo cha hatchi. Wonunkhira pansi pa nkhalango mvula itakata. Neville anati tsiku lina, patebulo langa lomwe, vinyo wina ndi "wamanyazi koma wamakhalidwe". A Clarrie anati, "Ndiye mukwatire, achimwene."

Wandisiyira malamulo. Musawagwedeze. Musawapukute fumbi. Botolo liime chilili sabata yathunthu, nsenga zitsike. Chotsekera chinafumbwa, musachikhudze ndi chokokera chanu cha kukhitchini. "Chonde alamu, musayese nokha." Ndamuuza kuti mabotolo ndinayamba kutsegula iye asanaphunzire kulavula. Anatsegula pakamwa kuti awonjezere china. Ine ndinatsegula chitseko.

Pakhonde anaima kanthawi pafupi ndi majombo a a Clarrie, osayenda. Kuopa matope komweko, ndikuganiza.

Ndatsimikiza. Mawa, Bronwyn asanabwerere. Ife eni ake. Limodzi timwa ife, linalo tidzaona.

Lamlungu, 23 Julayi

Ndinasankha labwinolo, la khosi lodzaza. Ndiwasiyirenji olavula?

Merv analikweza atalipanira kukhwapa ngati nkhuku, n'kulipukuta ndi malaya. Chokokera chathu cha m'kabati. Chotsekera chinangonyenyeka ngati mkate wouma, theka n'kugwera mkati. "Palibe vuto alamu, tisefa." Tinasefa. Sefa ya tiyi, jagi ya madzi, nsenga ndi zonse.

Pamene Merv ankathira, china chake chinandidutsa. Fungo. Ngati munthu wadutsa kuseri kwa zenera, ukamatembenuka wapita. Bronwyn anati tilawe pompano. Ndine ndinakana. Bambo ake vinyo wa chaka chomwecho ankamutsegula m'mawa kuti "apume" mpaka chakudya cha masana. Ndinati wokalamba chonchi afunika kupuma kwambiri. Ine, wowerenga. Tinamusiya patebulo, nyama ya nkhosa mu uvuni, tinapita kutchalitchi.

Pobwera: madzi a dzimbiri. Wowawasa, wosukuluka, wopanda kalikonse kumbuyo kwake. Bronwyn anameza n'kuti, "Ndi wabwino, amayi," maso ali pansi. Merv: "Koma uyu ndi viniga wothira pa tchipisi." Ataona nkhope yanga anatuluka kukaona nkhosa.

Mwina anafa kalekale m'botolo. Mwina ndamupha ine pakati pa ulaliki ndi nyimbo yomaliza. Koma fungo lija.

Latsala limodzi. La m'mapewa.

Lolemba, 24 Julayi

Bronwyn wapita. Pagalimoto: "Amayi, linalo lisiyeni. Musalitsegule. Likhale chikumbutso." Mwana wa bambo ake.

Jagi ndatsuka kawiri. Nyumba zii.

Lachinayi, 27 Julayi

Masiku onsewa kuzungulira foni ngati yaluma. Lero ndamuimbira Desmond. Ndamuuza zonse, ndi sefa ya tiyi yomwe. Ndinakonzekera phunziro. "Munamusiya mapemphero onse?" Ee. Anabuula ngati ndamuponda chala. "Wamng'ono amafuna mpweya, alamu. Nkhalamba mpweya umaipha. Ukaitsegula, moyo wake ndi wa mame." Anati ndi zimene ankafuna kundiuza Loweruka. Za chitseko sanatchule.

Ndisadzinamize kuti ndamukonda. Pambuyo pake anandigwira khutu ndi mbiri yonse ya kachitsulo kake ka mano awiri, kotsegulira mabotolo akale, kamene anagula ku France, dzina la sitolo, dzina la mwini sitolo.

Koma manja anga sangathe, a Merv ndiye basi. Ndiye ndanena zanga. Botolo silituluka m'nyumba muno. Akalifuna abwere kuno, ndipo ine ndikhala patebulo langa, ndilawa nawo. Masana Neville pafoni: "Mayi Nitschke, si nkhani ya inu ayi, ndi mwambo. Ngakhale mkazi wanga sanapondeko." Ndinati mkazi wanu ndi wamwayi. Akuti akambirana. Akambirana chiyani, botolo lili ndi ine.

Desmond wabwera dzuwa lisanalowe. Walidzutsa pang'onopang'ono ngati wodwala, waliimika pa sitepe yapansi. Tiyi wakana. Bola.

Lolemba, 31 Julayi

Avomera. Chifukwa chake, akuti, "vinyo wotere sayenera kuyenda". Osati ine. Vinyo.

M'mawa uliwonse ndimatsika kukaliona. Sindilikhudza. Laima lokha mumdima ngati munthu wodikira basi pasiteji.

Merv wafunsa za mizere ya kumtunda. Akuti ikayamba kuphukira ndiye kuti tachedwa. Ndati mawa. Ndinateronso dzana.

Kuwerenga kwakanika. Ndimafika pansi pa tsamba osadziwa ndadutsa mwa ndani. Chimodzi chokha chikumandibwerera: anthu akale, a m'mabuku, ankathira vinyo pansi kupatsa akufa awo. Amuna a Lachinayi amathira m'ndowa.

Nanga likakhala lakufa kale? Ndiye kuti zaka zonsezi ankatsika kukalonda mtembo. Ndipo ine sindidzadziwa chimene ankadikira.

Lachitatu, 2 Ogasiti

Matambula afika m'mabokosi, ndi ndowa zonyezimira. Anga sayenera, akuti, milomo yake ndi yokhuthala. Malamulo a Neville: pansi osapaka polishi, anyezi osakazinga, maluwa osaika patebulo, ine osadzola zonunkhira. M'nyumba mwanga. Ndamuuza kuti ndisamba chabe, ngati mwambo ukulola.

Nkhata yawo ija inauma kale. Ndaitaya kudzala, riboni ndamangira chitseko cha khola la nkhuku.

Lachinayi, 3 Ogasiti

Apita. Ndilembe zisanandithawe.

Anafika masana, mataye aja, aliyense ndi sokosi yake yotupa. Merv ndinamuitana ine, osapempha munthu. Anakhala kumapeto, chipewa kumutu. Mpando wa a Clarrie anausiya wopanda munthu, tambula patsogolo pake. Zimenezo sindinaziyembekezere.

Masokosi poyamba. Kununkhiza, kuchukucha, phokoso la mapaipi otsekeka, kenaka m'ndowa. Patebulo la amayi anga. "Wa kuno kapena wakunja?" "Wakunja." "Wagwa nayo mdala, ndi wa kuseri kwa phiri lomweli!" "Mphuno yako inapuma ntchito limodzi ndi iwe." Kuseka, kumenya tebulo. Wina akumva chokoleti, wina bokosi la fodya la agogo ake. Anafunsa Merv, mwachipongwe. Anati iye akumva vinyo. Ankameza zonse, Merv.

Kenaka Neville anagogoda tambula. Nthawi ya malemu. Mbali ya mwamboyi ndinaimva pomwepo: vinyo wa womwalira amathiridwa m'matambula onse, palibe wokhudza, wapampando ayankhule kaye, "kuti mwini wake amve ali patebulo". M'thumba la Neville munkasuzumira mapepala opinda, ochindikala. Desmond anawaona. Anaimirira. "Alamu, mukandigwirire kandulo."

Kukhitchini, chitseko chotseka. Botolo analikweza chilili, osapuma mpweya. Kachitsulo ka ku France kaja: mano awiri kulowa m'mbali mwa chotsekera, pang'ono uku, pang'ono uku, kenaka kupotokola. Chotsekera chinatuluka, n'kuthyokera m'dzanja mwake, kunja. Ine kandulo pansi pa khosi la botolo, iye akuthira m'jagi yake, diso pa kuwala, mpaka nsenga zinayamba kukwawa ngati utsi. Anasiya.

Sanazunguze, sanatsinzine. Ananunkhiza kamodzi. Anatola tambula yanga pasinki, ya milomo yokhuthala, anathira pafupifupi kudzaza. "Imwani. Pompano." Ndinati nanga mwambo. "Neville wabwera ndi buku lathunthu. Imwani, mayi inu!"

Anali moyo.

Mawu awo ndawanyoza, anga ndilibe. Wopepuka. Wofiira ngati njerwa, osati wakuda monga ndinkamuganizira. Zipatso za mapulamu zoumika padzuwa. Fumbi la nthawi yokolola kuseri kwa mabulugama, pamene ndinkawapititsira tiyi m'botolo lokulunga m'nyuzipepala. Ndipo, Mulungu andikhululukire, chikopa cha chishalo. Ndendende. Wofatsa, wosafulumira. Nditameza sanachoke, anakhalabe, ngati munthu woima pakhomo atatsanzika kale. A Clarrie ankatero. Kutsanzika, n'kuimabe.

Ndinamukankhira tambula. Anakana, akuti si wake. Ndinati imwani musandikwiyitse. Analawa. Masaya akuyenda, mutu n'kutembenukira kusinki wokha, chizolowezi cha moyo wonse. Anaima pamenepo atawerama. Kenaka anawongoka. Kholingo linakwera n'kutsika.

"Ndinkamuuza," anati. "Chaka ndi chaka, mdala tsegula, akupita uyu. Ankati ndikatsegula ndiye kuti munda watha." Anapukuta mphuno yotchuka ija ndi nsalu yanga yopukutira mbale. "Chitsiru cha munthu." Ndinavomera. Tambulayo tinamaliza awiri, chiimire.

Patebulo wotsalayo anakwanira kachala kamodzi aliyense. Neville anaimirira, anavala magalasi. Anayambira kwa agogo a m'sitima. Anadutsa pa chilala, pa mpira, pa ulendo wake wa ku France umene a Clarrie sanapiteko. Ine mphuno pafupi ndi tambula yanga, kumumva akuchoka. Mapulamu poyamba. Kenaka fumbi. Wina dzanja linkakwawira ku tambula, Neville anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, linabwerera. Izi ndiye sindidzawakhululukira: onse ankadziwa. Si mbuli ayi. Ndinaziona pankhope zawo, ankadziwa chimene chinkachitika m'matambulamo, koma anakhala manja pamiyendo ngati ana a sukulu, kulondera mwambo. Desmond yekha anati, "Apampando, vinyo." Neville: "Ndatsala pang'ono." Sanatsale pang'ono.

Pofika "tiyeni tikweze", anali madzi a dzimbiri a Lamlungu lija. Ananunkhiza, anachukucha, analavula. Amuna anga m'ndowa. "Wotopa koma waulemu." "Zaka khumi zapitazo akanakhala wina." Neville: "Ine ndikuona ngati akutseguka." Merv, kuchokera kumapeto: "Inu bwana, mwamuyankhula mpaka wafa kachiwiri." Palibe anaseka kupatula ine.

Neville anatulutsa cholembera choyera, cholemba pagalasi, kuti ayambe malikisi. Ndinatenga botolo n'kuliika pamiyendo panga. Ndinati pali kale nambala. Anayang'ana Desmond kuti amuthandize. Desmond ankayang'ana kudenga.

Anadya nkhosa yanga yonse, yopanda anyezi.

Tambula ya pa mpando wopanda munthu palibe anaikhudza. Atapita ndinavala majombo a a Clarrie, ndakaithira kuseri kwa mabulugama. Nkhosa zinandiyang'ana. Mawu anenedwa okwanira lero.

Loweruka, 5 Ogasiti

Matambula ndi ndowa atenga. Neville waimba kuthokoza. Akuti gulu lagwirizana malikisi khumi ndi anayi ndi theka, pa makumi awiri. Theka limenelo ndikufuna ndidziwe analitola pati.

Bronwyn pafoni, nditamuuza: "Ndiye anali bwanji?" Ndinati anafika. "Mukanandisungirako, amayi." Ndinati sasungika, mwanawe. Analira. Ndinamusiya alire.

A Desmond anadutsa dzulo kudzatenga jagi yawo. Galimoto anaimika m'matope. Akuti pansipo pali mabotolo ena oti ndisawadikire, adzandionetsa ngati ndikufuna. Ndati ndiona. Anayambanso za sitolo ya ku France.

Fungo lija ndayesa kulibweza m'mawa uno. Silibwera. Ndikudziwa chabe kuti linalipo.

Botolo lili pazenera la kukhitchini, nsenga zikuumira pansi pake. Chotsekera, zidutswa ziwiri, m'kambale ka shuga. Sizasi ya zogwirira zofiira ndainola. Mizere ya kumtunda, theka silinadulidwe. Merv abwera Lolemba, ndipita naye.